UBWENZI NDI MTENGO WACE

Mau a mwezi wa March. Werengani 1 Samueli 18, 20 ndi 23, ndiponso 2 Samueli 9.

Mwezi wa March ukafika mitsinje imakhala yodzala, Luangwa atsika wofiira ndi dothi la kumtunda, ndipo munthu wanzeru wa pa Kavalamanja sayesa kupalasa bwato yekha pa Zambezi. Amafuna mnzace, wina akhale kutsogolo kuyang'ana mvuu ndi zitsa zoyandama, wina kumbuyo kuongola ndi nkhafi. Wa kumbuyo saona bwino za m'tsogolo, wa kutsogolo sakhoza kutembenuza bwato. Yense waika moyo wace m'dzanja la mnzace, cinkana sanabadwe m'mimba imodzi. Mudzi umenewu uli m'boma la Luangwa, limene kale linachedwa Feira, pa gombe la Zambezi kumtunda kwa mathiriro a Luangwa, moyang'anizana ndi dziko la Zimbabwe. Anthu ace adziwa za ubwenzi zimene ena angomva m'mabuku, pakuti m'mwezi uno, caka ca 1978, anaulipira ndi mwazi.

Mau awa akuti bwenzi adetsedwa masiku ano. Mnyamata akanena kuti ali ndi cibwenzi, onse amva kuti pali mtsikana, ndipo anamkungwi ayamba kuwerenga miyezi. Koma makolo anali nao ubwenzi wina, wosayang'ana ukwati kapena cilakolako ca thupi, naumangira malamulo ace. Ku Malawi akazi awiri amapangana cinjira, napatsana mphatso poyera, nathandizana pa ukwati ndi pa maliro. Ansenga ali ndi anungwe, anthu a pfuko lina amene amanyozana nao mwa nthabwala pa moyo, koma tsiku la imfa ndiwo agwira nchito ya kumanda. Angoni ndi Abemba, amene makolo ao analasana ndi mikondo, lero acita cimbuya, nasekana ngakhale pa maliro kuti ofedwa apepukidwe mtima. Ubwenzi wa mtundu umenewu ndiwo Malembo aulemekeza, ndipo citsanzo cace cacikuru ndi Davide ndi Jonatani.

Jonatani anali mwana wa mfumu Sauli, ndiye woyenera kulowa ufumu. Anali ngwazi kale Davide asanamveke, pakuti ndiye anakwera thanthwe la ku Mikimasi ali ndi mnyamata mmodzi yekha womnyamulira zida, nabalalitsa Afilisti. Tsiku limene mbusa wa ku Betelehemu anagwetsa Goliate, munthu wina wokhala pa malo a Jonatani akadaona mdani. Pakuti akazi atayamba kumyimbira Davide m'miseu, mpando umene unagwedezeka unali wa Jonatani yemwe. Koma iye anabvula maraya ace acifumu nambveka Davide, nampatsanso lupanga, uta ndi lamba, napangana naye pangano. Mwana wa mfumu akabveka mbusa zobvala zace, anthu a m'bwalo safunsa tanthauzo lace.

Kupereka maraya nkosabvuta pamene dzuwa liwala. Kuyesedwa kunadza pamene Sauli anagwidwa ndi njiru nafuna kupha Davide. Apa Jonatani anakhala pakati pa atate wace ndi bwenzi lace, ndipo ayenera kupenyetsetsa amene aganiza kuti ubwenzi ndiwo kutsata mnzako m'zonse. Jonatani sanathawe kwao kukakhala m'mapanga pamodzi ndi Davide, sanasolole lupanga pa atate wace, sanakhale kazitape wa cipanduko. Anatsala m'nyumba ya Sauli, nanena zoona pamaso pace, kuti munthuyo sanalakwe. Pa madyerero a mwezi watsopano anafunsa cifukwa cimene Davide ayenera kufera, ndipo yankho la atate wace linali mkondo woponyedwa pa iye mwini. Anacoka pa cakudya ali ndi cisoni, ndipo m'mawa mwace anaturuka kumunda ndi kamnyamata kotola mibvi, nacenjeza Davide ndi cizindikiro cimene anapangana. Kamnyamatako sikanadziwe kanthu. Kanangotola mibvi nikabwerera kumudzi.

Anaonananso kamodzi kokha, m'nkhalango ya ku cipululu ca Zifi, Davide ali wosakidwa ngati nyama. Jonatani sanamtengere asilikali kapena ndalama. Anadza kudzamkumbutsa za Mulungu, nabvomera ndi pakamwa pace kuti ufumu udzakhala wa Davide, iye nadzakhala waciwiri. Atatero anabwerera kwa atate wace, nakafa naye pamodzi pa phiri la Giliboa. Ngakhale uciwiri umenewo sanaulawe. Ndipo Davide pomlira anacitira umboni poyera kuti cikondi ca mnzaceyo cinamkomera koposa ca akazi, ndiye munthu amene anali nao akazi angapo nadziwa cimene anali kunena.

Nthano za pa moto zidziwa ubwenzi wina. Kalulu ndi Fisi anapangana m'caka ca njala kuti aphe amai ao, pakamwa pacepe. Fisi napha wace, Kalulu nabisa wace, namkadya kwa iye mobisa. Nkhuku anabwereka singano kwa Kabawi naitaya, ndipo kufikira lero apalasa pansi kuifuna, Kabawi nalanda anapiye. Ana aseka, koma agogo amene anapeka nthanozi anali ataona anthu: mabwenzi a pa mphika ndi a pa cikho ca mowa, amene pangano lao liri ca m'mimba, ndi amene adana mpaka kwa adzukulu cifukwa ca kanthu kobwerekana. Ubwenzi wa Kalulu ufunsa cimene udzadya. Wa Jonatani unayamba ndi kubvula.

Dziko lomweli la Mburuma ndi Mphuka linaona alendo ena oyenda pa ubwenzi. Pa 14 January 1856 David Livingstone anafika pa mathiriro a Luangwa, alikutsika ndi Zambezi, ali ndi anthu oposa 100 amene mfumu Sekeletu ya Amakololo inampatsa. Anaona mabwinja a nyumba ya Mulungu ya Apwitikizi ndi belu losweka. Usiku umenewo anabvutika mtima, poona kuti eni dziko amkayikira, monga anayenera kukayikira mlendo aliyense m'masiku a malonda a akapolo. M'mawa anabwereka bwato limodzi lokha, amuna a zida ataima pa gombe, ndipo iye anawaonetsa wochi yace ndi galasi loyatsa moto kufikira anthu ace ndi katundu ataoloka, naoloka iye potsiriza. Mtsogoleri wa ulendowo anali Sekwebu, amene anayendapo pa Zambezi ali mnyamata nadziwa manenedwe a anthu ace. Ndiye anafewetsa mtima wa mfumu Mpende masiku owerengeka pambuyo pace, pamene nkhondo inali pafupi. Atafika kunyanja, Livingstone anamtenga Sekwebu, nakwera naye combo ca Angerezi. Koma zacilendo za pa nyanja yaikuru zinamsokoneza mutu, ndipo pofika ku Mauritius anadziponya m'madzi. Anatsata bwenzi lace kufikira kumene mtima wace sunakhoze kupirira, ndipo Livingstone anatsala ndi cisoni cimeneco.

Amakololo enawo anawasiya ku Tete ndi lonjezo lakuti adzabwera kudzawaperekeza kwao. Anacedwa zaka zinai, ambiri nafa ndi nthomba, ena nakwatira komweko. Koma mu 1860 anakweranso ndi Zambezi, napitanso pa Zumbo ndi pa Feira, naperekeza ofuna kubwerera kufikira kwa Sekeletu. Lonjezo locedwa liri ndi mlandu wace, komabe linasungidwa.

Cimene dziko lonse likumbukira ndi ca Susi ndi Chuma. Chuma anali Myao amene anaomboledwa m'goli la akapolo mu 1861 ali mwana; Susi anacokera ku Shupanga, kunsi kwa Zambezi. Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu May 1873, panalibe wowalamulira, panalibe wowaona. Akadamuika pomwepo, nagawana katundu, namwazikana, palibe akadawatsutsa. Ndipo kunyamula mtembo wa mlendo m'midzi ya eni kunali kudziitanira milandu, monga adziwa onse odziwa mwambo wa maliro. Iwo anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo, naumitsa thupi ndi mcere ndi dzuwa, nalinyamula ndi anzao miyezi isanu ndi inai, mtunda woposa mamailo 1,000, kufikira ku Bagamoyo mu February 1874. Kumeneko analandira malipiro ao nauzidwa kuti nchito yatha. Pa 18 April 1874, pamene akuru a ku England anaika mtembowo mu Westminster Abbey, Susi ndi Chuma panalibe. Anaitanidwa maliro atapita. Mabuku ambiri awacha anchito okhulupirika, koma dzinali licepa, pakuti wanchito nchito yace itha bwana akafa. Cimene anacita ndico cimene anungwe acita. Susi anabatizidwa mu 1886, nasankha dzina lakuti David.

Tsono za 1978. Kenneth Kaunda, mwana wa mlaliki wa ku Lubwa, ndi Joshua Nkomo, mtsogoleri wa ZAPU, anali mabwenzi odziwika m'Afrika monse. Nkomo anasungidwa m'ndende ya Gonakudzingwa kuyambira 1964, ndipo pomasulidwa mu December 1974, Kaunda ali mmodzi wa ocitapo kanthu kuti aturuke, ku Lusaka ndiko anapita. Pambuyo pace anakhala m'mzindawo, nyumba yace iri kufupi ndi State House, ndi ankhondo ace a ZIPRA anamanga misasa m'dziko la Zambia. Sikunali kukondana kwa anthu awiri kokha ai. Zambia inalandiranso othawa a ku South Africa, Namibia, Angola ndi Mozambique, potsata mwambi wakuti mnzako akapsa ndebvu mzimire. Koma onse anadziwa kumene mtima wa Kaunda unapendekera pa nkhani ya Rhodesia, ndipo a ZANU anadandaula kuti anakondera. Kapena ananena zoona. Ubwenzi upenya bwino ndi diso limodzi, ndipo ngakhale Davide sanaweruze molungama masiku onse pa anthu amene anawakonda.

Walira mvula walira matope. Ian Smith anatseka malire mu January 1973, ndipo Zambia, dziko lopanda doko la kunyanja, linasauka njira ya mkuwa wace ndi ya katundu wace. Pa 3 March 1978 Smith anasainirana pangano ndi Muzorewa, Sithole ndi Chirau, losiya kunja Nkomo ndi Mugabe. Atapita masiku atatu, pa 6 March, ndege za Rhodesia zinaoloka Zambezi niziponya mabomba pa msasa wa ZIPRA pa Kavalamanja, asilikali natsika ndi mahelikopita. Anafa ankhondo a ZIPRA, anafa asilikali a Zambia, anafanso anthu a pamudzi, alimi ndi asodzi amene sanaitanidwe ku msonkhano uli wonse wa ku Lusaka. Otsala anathawira kuchire, nasiya minda cimanga ciri pafupi kuca. Sizinathere pomwepo. Pa 19 October caka comweco anaphulitsa misasa ya ku Chikumbi ndi ku Mkushi. Pa 13 April 1979, ndilo Lacisanu Loyera, analowa mu Lusaka naononga nyumba ya Nkomo, mwini wace palibe. Mu October 1979 anagwetsa ulalo wa pa Chambeshi. Kaunda sanampitikitse mlendo wace. Zimbabwe inalandira ufulu pa 18 April 1980.

Apa pali cinthu coyenera kunenedwa mosabisa. Jonatani analipira ubwenzi wace ndi ufumu wace wa iye mwini, ndi mkondo unaponyedwa pa thupi lace. Koma atsogoleri a maiko akapangana ubwenzi, mkondo ugwera anthu ena. Nkomo anamwalira ali nkhalamba pa 1 July 1999, Kaunda pa 17 June 2021 ali ndi zaka 97, onse awiri naikidwa ndi ulemu wa boma. Izi sizicepsa cimene anacita, pakuti kukana kukanakhala kusiya abale m'goli. Koma pochula mabwenzi omveka, dzina la Kavalamanja ndi la Kakaro liyenera kuchulidwa pamodzi ndi maina a akuruwo. Mai amene anapatsa mnyamata wacilendo madzi ndi nsima, osadziwa ngakhale dzina lace leni-leni, anacita ubwenzi umene Ambuye anaufanizira ndi Msamariya uja wa pa njira ya ku Yeriko. Ncifukwa cace caka ndi caka, m'mwezi uno, akuru a asilikali a Zambia ndi a Zimbabwe asonkhana pa mudziwo kukumbukira akufa.

Si ubwenzi wonse ufika kumanda uli wamphumphu. Kaunda anali nalo bwenzi lina lakale koposa Nkomo, ndiye Simon Kapwepwe. Anakula pamodzi ku Chinsali, nakhala aphunzitsi onse awiri, nayenda pamodzi kukafuna nchito ku Tanganyika, nayambitsa pamodzi ZANC mu 1958. Ufulu utadza mu 1964 Kapwepwe anakhala nduna ya za kunja, ndi mu 1967 waciwiri kwa pulezidenti. Koma mu 1971 anaturuka nayambitsa cipani cace ca UPP. Mu February 1972 cipanico cinaletsedwa, iye natsekeredwa kufikira kutha kwa caka. Anabwerera mu UNIP mu 1977, nayesa kupikisana ndi mnzace mu 1978, natsekerezedwa njira. Anamwalira mu January 1980. Mpando umene Jonatani anausiya mwaufulu ndiwo unaima pakati pa awiriwa. Kuweruza wolakwa nkwa Mulungu ndi kwa olemba mbiri; koma aliyense amene anaona abale awiri a mumpingo akudana cifukwa ca ukulu wa mpingo, kapena ca unyakwawa, adziwa kuti nthendayi siili ku State House kokha.

Ngakhale atumwi inawagwira. Barnaba ndiye anamgwira dzanja Paulo namlowetsa kwa atumwi ku Yerusalemu pamene onse anamuopa, ndiyenso anakamfuna ku Tariso kuti adzaphunzitse ku Antiokeya. Koma pa ulendo waciwiri anakangana kolimba za Yohane Marko, amene anawathawa pa ulendo woyamba. Barnaba anafuna kumyesanso, Paulo anakana, nasiyana, wina kunka ku Kupro, wina ku Suriya ndi Sila. Buku la Macitidwe silibisa, ndipo silinena kuti anayendanso pamodzi. Koma Paulo polembera Akorinto amchula Barnaba monga mnzace wa nchito, ndipo ali m'ndende, imfa iri pafupi, apempha Timoteo kuti abwere naye Marko yemwe uja, popeza tsopano amthandiza. Nkhalamba ija inabvomera, mwa njira yace, kuti Barnaba anaona bwino. Mabwenzi akhoza kusiyana njira osaphana mbiri.

Pali funso limene anyamata ndi atsikana a m'makalasi afunsa kawiri-kawiri, ndipo akuru alizemba: kodi mwamuna ndi mkazi akhoza kukhala mabwenzi popanda dama? Pamudzi yankho lifulumira. Mwamuna akangoima ndi mkazi wa mwini pa njira ya kudambo, mau afika kumudzi iwo asanafike. Koma Malembo sayankha motero. Ambuye Yesu anakonda nyumba ya ku Betaniya, ya Marita, Mariya ndi mlongo wao Lazaro. Marita anamzolowera kotero kuti anakhoza kumdandaulira za nchito ya kumphika, ndi kumuuza pamaso kuti anacedwa pa matenda a mlongo wace. Adani a Yesu anamnenera zambiri, za Sabata, za kudya ndi amisonkho, za kacisi, koma za nyumba imeneyo sanapeze ponena. Paulo anasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi mkazi wace Priskila, nacitira umboni kuti awiriwo anaika moyo wao pa ngozi cifukwa ca iye; ndipo mutu wotsiriza wa kalata wa kwa Aroma wadzala ndi maina a akazi, woyamba Febe, ndi mai wa Rufo amene Paulo anamyesa amai ace omwe.

M'mbiri ya Mpingo omveka ndi Francis ndi Clare a ku Assisi, m'dziko la Italy. Clare anali mwana wa banja lolemera. Mu 1212, ali ngati wa zaka 18, anamva kulalikira kwa Francis nacoka kwao usiku kukadzipereka ku moyo wa umphawi. Abale ace anadza kudzamtenga mwa mphamvu nalephera. Anakhala pa San Damiano zaka 40 ndi akazi anzace. Awiriwa sanaonane kawiri-kawiri, ndipo Francis anadziletsa dala. Koma pamene anasinkha-sinkha ngati aleke kulalikira akakhale yekha m'mapemphero, anatuma mthenga kukafunsa nzeru kwa Clare, namvera. Atadwala maso mu 1225 anagona m'kanyumba pafupi ndi San Damiano. Atamwalira mu October 1226, onyamula mtembo anapatuka napita nao kumeneko kuti Clare ndi anzace atsazike. Iye anatsala zaka 27 alikusunga cimene anapangana, ngakhale pamene akuru a Mpingo anamuumiriza kuti acepseko umphawi wace.

Cotero ncotheka, koma ciri ndi mpanda wace, ndipo wonyoza mpandawo adzinyenga yekha. Ubwenzi wa mwamuna ndi mkazi uyenda masana. Mwini nyumba audziwa, naukondwerera. Mphatso yace iperekedwa pakhomo anthu akuona. Mau ace, ngakhale olembedwa pa foni, akhoza kuwerengedwa ndi mkazi wa kunyumba nkhope yosagwa. Paulo analangiza Timoteo kuti akazi akuru awayese amai, ndi ang'ono alongo, m'kuyera mtima. Ndipo munthu wa kuno safuna mphunzitsi womuuza mmene akhalira ndi mlongo wace. Ubwenzi ukayamba kufuna mdima ndi kubisa, wasanduka kale cinthu cina, cinkana manja sanakhudzane. Komanso mlandu uli pa lilime la apamudzi. Mkazi wamasiye amene mnansi wamfolerera denga, mphunzitsi wamkazi amene afunsana nzeru ndi mnzace wamwamuna, angati anaonongeredwa mbiri ndi anthu osaona kanthu koma a m'mitima mwao momwe? Lamulo loletsa umboni wonama liri pa gome limodzi ndi loletsa cigololo.

Za mabwenzi a m'nkhani zopeka, palibe oposa a m'buku la John Bunyan la ulendo wa Mkristu, limene analiyamba ali m'ndende ku Bedford, nilisindikizidwa mu 1678, zaka 300 zenizeni mabomba asanagwe pa Kavalamanja. Bunyan sanalole kuti mlendo wace ayende yekha nthawi yaitali. Anampatsa poyamba Wokhulupirika, amene anaphedwa pa msika wa zacabe. Ndipo imfa yaceyo ndiyo inautsa wina, Woyembekeza, kuti alowe m'malo mwace. Mkristu ndiye anasokeretsa mnzaceyo posankha njira yofewa ya m'dambo, nagwidwa onse awiri ndi cimphona cowatsekera m'linga la cikayiko. Ndipo Woyembekeza, m'malo mwa kumtonza kuti ndiwe wandigwetsa muno, anamletsa pamene anafuna kudzipha. Potsiriza anafika pa mtsinje wopanda ulalo. Mkristu, amene anali wamkuru m'cikhulupiriro, ndiye anayamba kumira ndi mantha, ndipo wamng'onoyo anamgwiriza mutu pamwamba pa madzi, namkumbutsa malonjezo kufikira mapazi ace anaponda pansi. Munthu wa pa Zambezi safuna womasulira fanizo limeneli.

Ndipo onsewa aloza kwa Mmodzi. Usiku wa kuperekedwa kwace Ambuye anauza ophunzira kuti sawayesanso akapolo koma abwenzi, popeza sanawabisire za Atate wace, nanena kuti muyeso wa cikondi ndiwo kutaya moyo cifukwa ca iwo. Anadziwa ponena mauwo kuti mmodzi waturuka kale kukamgulitsa, wina adzamkana tambala asanalire, ndi otsala adzathawa. Jonatani anabvulira munthu woyenera, ngwazi yokongola. Mwana wa Mfumu uyu anabvulira anthu amene sanakhoze kudikira naye ora limodzi. Ndipo atauka, pa gombe la nyanja, anasonkha moto, naoca nsomba, naitana Petro yemwe uja kuti adzafisule.

Nkhani ya Davide ndi Jonatani siithera pa Giliboa. Tsiku limene mbiri ya nkhondoyo inafika kumudzi, mlezi wina ananyamula mwana wa Jonatani, wa zaka zisanu, nathawa naye. Ndipo m'kufulumira kwace mwanayo anagwa, napunduka mapazi onse awiri. Dzina lace ndi Mefiboseti. Amai a pa Kavalamanja adziwa kuthawa kotere, mwana kumbuyo, wina kudzanja, ndege ziri pamwamba. Ndipo mwana amene anali wa zaka zisanu pa 6 March 1978, lero ali ndi imvi ndi adzukulu ace. Mefiboseti anakulira kutali, tsidya lija la Yordano, m'nyumba ya mwini, woiwalika, Davide alikumanga Yerusalemu ndi kugonjetsa adani. Zinapita zaka zambiri, kufikira wopundukayo anabala mwana wace. Pamenepo mfumu inakumbukira pangano la kumunda kuja, niifunsa ngati watsala wina wa nyumba ya Sauli kuti imcitire cifundo cifukwa ca Jonatani. Panalibe womuumiriza, Jonatani anali atafa, mboni panalibe, ndipo mafumu a masiku aja anazolowera kupha otsala a nyumba yakale. Anaitana Ziba, kapolo wakale wa Sauli, ndipo Ziba anadziwa dzina la mudzi, Lodebara, ndi dzina la mwini nyumba, Makiri. Mfumu inatuma anthu kukamtenga. Anafika ali ndi mantha, nagwa nkhope pansi, poyesa kuti tsiku lace lakwana. Koma Davide anamchula dzina lace, nambwezera minda yonse ya agogo ace, nalamula Ziba ndi ana ace kuti azimlimira, namkhazika pa gome la mfumu pakati pa ana ace, ndipo anadya pamenepo masiku onse a ku Yerusalemu, mapazi ace ali opunduka cipundukire.